Nyale yomwe inawotcha maso pa Mchinji boma

Mnyamata wa nkhaniyi anabwerera kwawo ku Mchinji atagwira ntchito zaka zingapo ku Johannesburg. Kumeneko ankasamala panyumba pa munthu wina wachuma, ndipo mwa ntchito zake zonse yomwe ankaikonda kwambiri inali yopukuta galasi la thanki yaikulu yomwe munali nsomba za m'nyanja yamchere ndi makorali. Dzina lake sinditchula, chifukwa akadali pa boma pomwepo ndipo bizinesi yake ikuyenda. Ndalama zomwe anabwera nazo anatsegulira lesitilanti m'mbali mwa msewu wa M12, wochokera ku Lilongwe kupita kuboda ya Mwami. Inali nthawi yabwino yoyambira malonda otere. Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anali atatsegula nyumba zatsopano zapabodapo, zoti apaulendo azidinditsa mapepala awo pamalo amodzi, ndipo madalaivala a mathiraki, amalonda opita ku Chipata ndi ku Lusaka, komanso ogula mtedza ndi soya ankafuna podyera. Koma mwayiwo anauona si iye yekha. Nsima ya nkhuku ya lokolo ndi imodzimodzi paliponse, choncho iye anafuna chinthu choti mlendo akachiona akasimbe kumene akupita.

Chomwe sichinkachoka m'mutu mwake ndi thanki ya ku Joni ija. Madzulo nyale zoyera zikazima, pamwamba pake pankatsala kuwala kwapepo, ndipo makorali omwe masana ankaoneka otuwa ankayamba kuwala okha, ena mobiriwira, ena mofiira, ena mwa mtundu wa lalanje. Alendo a abwana ake ankasiya zakumwa patebulo n'kukaima pagalasipo. Iye anati mumtima, zimenezi ndikaziika pa Mchinji palibe amene angandipose.

Anakafotokozera malume ake, bambo wopuma pantchito amene kale anali mlangizi wa za nsomba ku Salima. Iwo anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anamufunsa:

"Mphwanga, madzi amchere ukawatunga kuti?"

"Mchere wake amagulitsa, malume. Umangosungunula m'madzi."

"Ndikudziwa. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi magalamu 35 a mchere. Thanki ya malita 300 ikufuna makilogalamu oposa 10 tsiku loyamba lokha, ndipo si mchere wapamsika uno ayi. Ukamasintha madzi uzionjezanso. Nanga magetsi akazima usiku wonse, pampu itaima, udzatani? Waiwala za Kapichira?"

Sanaiwale. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse. Makorali amafuna madzi oyenda nthawi zonse, ofunda pakati pa madigiri 24 ndi 27, pomwe kuzizira kwa Juni ndi Julayi ku Mchinji aliyense amakudziwa. Makorali apafupi ndi ife ali kugombe la Mozambique, cha ku Nacala, Pemba ndi zilumba za Quirimbas, ndipo amene amamanga miyala ali pamndandanda wa pangano la CITES, kutanthauza kuti sungawadutsitse paboda popanda chilolezo. Malumewo anamaliza ndi mawu akuti: "Dziko lonse lapansi limabwera kudzagula nsomba zathu za m'nyanja ya Malawi. Iwe ukufuna kuitanitsa za eni ake?"

Apa mnyamatayo anamvera, ndipo anachita bwino. Mbuna ndi nsomba zokongola kwambiri mwa nsomba zonse za m'madzi opanda mchere. Zimakhala m'miyala ya m'mbali mwa nyanja, zikudya ndere zomera pamiyalapo. Geoffrey Fryer anaziphunzira ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndipo Stuart Grant, amene anamwalira mu 2007, anakhala zaka zambiri akuzitumiza kunja kuchokera ku Kambiri, pafupi ndi Senga Bay. Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, cholinga chake chachikulu n'kuteteza nsomba zomwezi. Malume aja anamuthandiza kupeza mbuna kwa oweta ovomerezeka, zabuluu zamizeremizere ndi zachikasu zomwe asayansi amati Labidochromis caeruleus, namuphunzitsa kugoneka madzi apampopi kuti mankhwala a kolorini atuluke. Thanki inamangidwa, miyala inayalidwa, nsomba zinalowa.

Koma za nyale sanawafunse. Ankaona kuti pa nkhani ya nyale iye ndiye katswiri, poti anakhala nazo ku Joni. Anatumiza uthenga kwa mnzake wa kumeneko kuti amugulire nyale ya LED yofanana ndi ya abwana ake aja, yokhala ndi mababu abuluu, apepo ndi ena olembedwa kuti UV, ndipo inabwera pabasi.

Ndiime kaye pano ndifotokoze chomwe nyale imeneyi anaipangira, chifukwa zonse zomwe zinatsatira zinachokera pa kusadziwa chimenechi.

Kuwala kwa dzuwa komwe timati n'koyera kuli ndi mitundu yambiri, ndipo utawaleza ndiwo umaimwaza kuti tiione. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake pa muyezo wotchedwa nanomita. Diso la munthu limaona kuyambira cha pa 400 kufika cha pa 700. Kufiira kuli kumtunda, kubiriwira pakati, buluu cha pa 450 mpaka 470, ndipo pepo ali pansi penipeni, cha pa 400 mpaka 430. Kutsika pamenepo kumayamba kuwala kwa UV, komwe sitikuona. Nako kuli m'magulu atatu: UVA kuyambira 315 kufika 400, UVB kuyambira 280 kufika 315, ndi UVC kuyambira 280 kutsika m'munsi. Nambala ikamatsika, mphamvu yowononga khungu, maso ndi chamoyo chilichonse imakwera. UVA ambiri timaidziwa ngakhale sititchula dzina lake, pakuti ndi ija ili m'timatochi ndi m'timakina toyezera ndalama zamapepala kubanki ndi kwa osintha ndalama. UVC yochokera kudzuwa siifika pansi pano, imatsekedwa ndi mpweya wa ozoni kumwamba. Thupi la munthu, la nsomba ngakhale la korali silikumana nayo m'chilengedwe.

Korali amaoneka ngati mwala kapena chomera, koma ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala pamodzi. M'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zomwe zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala monga masamba a chimanga amachitira, n'kugawirako korali. Madzi a m'nyanja amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyambirira, ndipo komwe kumalowa pansi kwambiri ndi kwabuluu. N'chifukwa chake nyale ya makorali imadalira mababu abuluu a 450, kenako n'kuonjezapo apepo a 410 mpaka 430, omwe ali pafupi ndi pamene kolorofilu wa nderezo amayamwa kuwala kwambiri. Kuwala kokongola komwe mnyamatayo anakuona ku Joni kumachokera ku mapuloteni ena a m'thupi la korali, omwe amalandira kuwala kwapepo kapena kwabuluu n'kukubweza kuli kobiriwira kapena kofiira. Mapuloteni a mtundu umenewu ndi omwe anapezetsa Osamu Shimomura, Martin Chalfie ndi Roger Tsien mphoto ya Nobel mu 2008, ndipo babu labuluu la LED, lomwe linatsegula njira ya nyale zonsezi, linapezetsa mphoto yomweyo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura mu 2014.

Munthu wosunga makorali amene amadziwa ntchito yake sagula nyale chifukwa pabokosi palembedwa UV. Amafuna nambala. Mababu ambiri omwe ogulitsa amawatcha UV ndi a 395 kapena 405, ali pamalire penipeni pa pepo ndi UVA, ndipo pang'ono pokha amakwanira. A 365 kapena 385 makorali sawafuna kwenikweni kuti akule, ndipo pa nyale zotchipa kuwala kotere kumapsereza timagalasi tapulasitiki tophimba mababuwo mpaka timasanduka tofiirira. Chachiwiri, sakhulupirira diso lake. Diso lathu limamva kwambiri kuwala kwa 555, kobiriwira mopita kuchikasu. Kuwala kwa 400 kwa mphamvu yofanana ndendende limakumva mosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Choncho babu lapepo limaoneka lofooka pamene likutulutsa mphamvu yambiri, ndipo mwana wa diso sachepa kuti adziteteze monga amachitira padzuwa. Odziwa amayeza ndi chipangizo choviika m'madzi, amayamba ndi mphamvu yochepa, n'kumakweza pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Wofulumira amapeza makorali ake atayera mbee, chifukwa kuwala kukachuluka korali amalavula ndere zake, ndipo akapanda kuzipezanso amafa ndi njala.

Zonsezi ndi za makorali, ndipo m'thanki ya pa Mchinji munalibe korali ngakhale mmodzi.

Usiku woyamba atayatsa nyaleyo anakhumudwa. Palibe chomwe chinawala chokha. Miyala inangoda, nsomba zabuluu zinasakanikirana ndi madzi, ndipo zachikasu, zomwe padzuwa zimakoka maso kuchokera kutali, zinaoneka zakuda bii. Chinthu chachikasu chimaoneka chotero chifukwa chimabweza kuwala kobiriwira ndi kofiira. Ukachiunikira ndi buluu ndi pepo zokha, chilibe choti chibweze. Mbuna zimakongola pa kuwala koyera kofanana ndi kwa masana, kokhala ndi buluu pang'ono, ndipo nyale wamba ya LED ya mtengo wotsika ikanamupatsa zomwe ankafuna. Pali chinanso chomwe chimandikhudza ndikachiganizira. Mu 2000, Karen Carleton ndi anzake anasonyeza kuti mbuna ya mtundu wa Metriaclima zebra ili ndi timaselo m'diso tomwe timamva kuwala kwa 368, mkatikati mwa UVA. Kuwala komwe kwa mwini lesitilanti kunali kwa mdima, kwa nsomba zotere kunali kuwala kwenikweni, kolunjika m'maso, ndipo nsomba ilibe zikope zoti itsinzine.

Iye anaganiza kuti nyaleyo ikuchepa mphamvu. Anakweza mababu onse mpaka pamapeto, ndipo popeza lesitilanti imatsegula m'mamawa n'kutseka usiku, nyale inkayaka kuyambira tiyi wa m'mawa mpaka dalaivala womaliza atachoka. Thanki inali pafupi ndi zenera. Makasitomala ankakonda kuponyamo zinyenyeswa za buledi ndi nsima kuti aone nsomba zikulimbirana, ndipo iye sankawaletsa poopa kuwakhumudwitsa. Kuwala kochuluka, dzuwa la pazenera ndi zakudya zowola ndi zonse zomwe ndere zimafuna. Sipanapite nthawi, madzi anabiriwira mpaka nsomba zinkangooneka zikafika pagalasi penipeni.

Malume ake atadutsa tsiku lina anangoyang'ana kamodzi.

"Zimitsa chinyale ichi, mphwanga. Uphimbe thanki ndi bulangeti masiku angapo, uchepetse chakudya, uzisintha madzi pang'ono sabata iliyonse. Ukadzayatsanso, maola 8 patsiku akwana. Kuwala kuli ngati feteleza, ukathira wambiri paphando limodzi chimanga chimapsa."

"Malume, ndikaphimba ndi bulangeti anthu aona chiyani? Ndiye ndalama zonse zija ndangotaya?"

"Safunsa anadya phula. Koma iwe wafunsa, ndakuyankha."

Sanaphimbe. M'malo mwake anafufuza pafoni, ndipo anapeza chinthu choona: oweta nsomba amachotsa kubiriwira kwa madzi ndi nyale ya UV. Chomwe sanawerenge bwinobwino ndi mmene chipangizocho chimapangidwira. Babu lake ndi la UVC, ndipo limakhala lotsekeredwa m'chubu chosaonekera mkati. Pampu imakankha madzi kuti adutse m'chubumo, ndere ndi tizilombo zimafera mkatimo, madzi n'kubwerera m'thanki. Kuwala kwake sikutuluka panja, ndipo nsomba kapena munthu sakumana nako. Chipangizo chotere pa Mchinji sichinkapezeka, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse choitanitsa kunja chinakwera mtengo. Ndiye anauza mayi wina amene amapikula katundu wa magetsi kutsidya kwa boda kuti akampezere nyale ya UV. Nambala sanatchule, ndipo mayiyo analibe chifukwa choifunsira.

Mayiyo anabwera ndi chubu chachitali chonga cha nyale zakale za m'maofesi, koma chagalasi loonekera mkati, chopanda utoto woyera uja. Nyale zotere zinachuluka m'masitolo nthawi ya Covid-19, pamene anthu ankazigula kuti aziphera tizilombo m'zipinda. Mkati mwake muli mekyule, ndipo zimatulutsa kuwala kwa 254. Zikayaka zimangoonetsa kabuluu kofooka, kosathobwa m'maso, koti mwana akhoza kukayang'anitsitsa osaphethira. Bungwe la World Health Organization linachenjeza mu 2020 kuti anthu asamaunikire manja kapena khungu lawo ndi nyale za UV, ndipo mu 2022 bungwe la FDA ku America linachenjezanso za timatochi tina ta UVC togulitsidwa kwa anthu wamba. Machenjezo amenewa sanalembedwe pa katoni yomwe inafika pa Mchinji, ndipo mawu ochepa omwe analipo anali m'chilankhulo choti wogula ndi wogulitsa yemwe sankachiwerenga.

Mnyamatayo anamangirira chubucho kunsi kwa chivundikiro chathabwa cha thankiyo, pafupi ndi nyale yapepo ija, n'kuyatsa. Mwayi womwe unalipo ndi woti galasi wamba limatseka UVC, ndiye makasitomala omwe ankaonera nsomba cham'mbali sanavulale. Koma madzulo a tsikulo, lesitilanti itatsekedwa, iye anatsegula chivundikirocho n'kuchitsamiritsa kukhoma, nyale zikuyaka, kuti aziona bwino pochapa miyala. Mtsikana woperekera chakudya ankamugwirira beseni. Mwana wamwamuna wa mwini lesitilantiyo, wa sitandade 3, anakwera pampando kuti aziona nsomba kuchokera pamwamba, nkhope yake ili pafupi ndi chubucho. Palibe amene anamva kutentha kapena kuwawa kulikonse. Anamaliza, anazimitsa, napita kukagona.

Pakati pa usiku mwanayo anadzuka akulira.

"Ababa, m'maso mwanga mwalowa mchenga. Sindikutha kutsegula."

Bamboyo pofuna kudzuka anapeza kuti nayenso maso ake sakutseguka. Misozi inkangotuluka yokha, zikope zitatupa, ndipo mkazi wake atayatsa tochi onse awiri anakuwa ndi ululu. Kunja kusanache, m'bale wa mtsikana uja anagogoda pakhomo kudzanena kuti nayenso wagona akubuula, nkhope yake yafiira mbali imodzi.

Anthu atatu a pamalo amodzi kudwala maso usiku umodzi, pa bizinesi yomwe inkayenda bwino pakati pa opikisana nayo ambiri, mukudziwa kale zomwe anansi anayamba kunong'ona. Ena anati wina waponda pakhomo la lesitilanti. Gogo wina wachifundo anabwera ndi masamba oti afinyire m'maso mwa mwanayo. Apa ndimamuyamikira mkazi wa mnyamatayu, chifukwa anakana mwaulemu. "Zikomo agogo, koma tiyambe taonana ndi adokotala." Diso lomwe lili ndi zilonda pagalasi lake likathiridwa madzi a masamba, tizilombo timapeza polowera, ndipo vuto loti likanatha lokha limatha kusiya chipsera choyera cha moyo wonse. Anaitana akabaza, onse atatu atamangidwa nsalu kumaso.

Kuchipatala, wachipatala amene anawalandira anawadontheza mankhwala oziziritsa ululu kuti athe kutsegula maso, kenako kautoto kachikasu, n'kuunika ndi kanyale kabuluu. Pagalasi la diso lililonse panaoneka timadontho tambirimbiri.

"Bambo, mumawotcherera zitsulo?"

"Ayi adokotala, ndili ndi lesitilanti."

"Nanga mwanayu anaima pafupi ndi owotcherera dzulo?"

"Ayi. Tinali tonse pa thanki ya nsomba."

"Pali nyale yanji pa thankipo?"

Atafotokoza za chubu choonekera mkati, wachipatalayo sanafunsenso zambiri. Matendawa amawaona kawirikawiri kwa anyamata owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo opanda chotchinga kumaso. Kuwala kwa UV kumapha timaselo ta pamwamba pa galasi la diso, koma ululu sumabwera nthawi yomweyo. Umadikira maola 6 mpaka 12, timaselo takufato tikayamba kusupuka n'kusiya mitsempha pamtunda. N'chifukwa chake munthu amavulala masana n'kudzuka usiku osadziwa chomwe chamuchitikira. Anawapatsa mankhwala opaka m'maso oteteza ku tizilombo ndi ena ochepetsa ululu, nawauza kuti akhale m'chipinda chamdima, asatikite maso, ndipo abwerenso ngati pofika tsiku lachitatu sakupeza bwino. Galasi la diso limadzikonza msanga, nthawi zambiri m'maola 24 mpaka 72. Akuluakulu awiriwo anachira m'masiku awiri. Mwanayo, amene anali pafupi kwambiri, anajomba kusukulu sabata yonse, ndipo khungu la pamphumi pake linasupuka.

Wina asaganize kuti izi zimagwera anthu a kumudzi okha kapena osaphunzira. Mu Novembala 2023 ku Hong Kong, anthu angapo omwe anapita kuphwando lalikulu la ApeFest anadzuka usiku maso akuwotcha mofanana ndi mmene zinachitikira pa Mchinji, ndipo okonza phwandolo anavomereza kuti gwero lake liyenera kuti linali nyale za UV zomwe zinaikidwa pakona ina ya malowo.  Kwa ife kuno nkhawa yanga imapitirira apo. Pakati pathu pali abale athu achialubino, omwe khungu ndi maso awo zimavulala msanga ndi UV, ndipo nyale zapepo zayamba kuchuluka m'mabala, m'mabarbershop ndi m'maholo aukwati popanda amene amafunsa kuti ndi za nambala yanji.

Kusiyanitsa nyalezi si kovuta ngati munthu wauzidwa. Chubu cha nyale wamba chimakhala choyera mkati ngati chapakidwa laimu. Cha UVA, chomwe amaika m'malo ovinira ndi m'makina oyezera ndalama, chimakhala chagalasi lakuda lopita kupepo. Chikakhala choonekera mkati bwinobwino, mpaka kumaona timawaya ta kumapeto kwake, chimenecho n'chophera tizilombo, ndipo sichiyenera kuyaka pamene pali munthu, chiweto kapena nsomba. Pa LED diso silingakuthandizeni, chifukwa timababu ta 405, ta 365 ndi ta 275 timatha kufanana. Pamenepo chofunika ndi nambala yolembedwa pabokosi kapena pa kapepala ka mkati. Kuyambira 400 kukwera ndi kuwala kooneka. Pakati pa 365 ndi 395 ndi UVA, yosayenera kuiyang'anitsitsa kapena kuiyandikiza kumaso. Chilichonse cha pansi pa 300 n'choopsa m'mphindi zochepa. Bokosi lomwe langolembedwa UV popanda nambala, ine ndimati lisiyeni pashelefu pomwepo, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo motani.

Nsomba nazo zinalipira. Chubucho chinayakanso tsiku lotsatira, chifukwa wophika, amene sankadziwa kanthu, anayatsa magetsi onse potsegula lesitilanti monga mwa masiku onse. Kubiriwira kwa madzi kunateteza zomwe zinabisala pansi m'miyala, koma mbuna zinali zitazolowera kukwera pamwamba kudikira zinyenyeswa. Zingapo zinachita ng'ala, zina zinatuluka zilonda pamsana, ndipo mwa zachikasu zija zambiri zinafa m'sabata yomweyo. Malume atafika anazimitsa okha, nachotsa chubucho atakulunga manja ndi nsalu kuti chisasweke. Anamuuza kuti asachitaye kudzala kapena m'chimbudzi, pakuti mekyule wa mkatimo ndi poizoni, ndipo ana otola zinthu kudzala amakonda kuswa machubu otere. Za uphungu wawo womwe unakanidwa sanatchule. Anangopempha bulangeti.

Thanki ilipobe. Anaisuntha kuchoka pazenera, pamwamba pake pali nyale yoyera ya LED yomwe imayaka masana mpaka chakudya chamadzulo, ndipo pagalasi pali kapepala kopempha makasitomala kuti asaponyemo chakudya. Ndere zochepa zomera pamiyala amazisiya dala, poti ndizo ndiwo za mbuna. Nyale yapepo ya ku Joni inabwerera m'bokosi lake. Ndi nyale yabwino, ndipo pa thanki ya makorali, m'manja mwa munthu wodziwa kuyeza, ikanagwira ntchito yake.

Maso ake atachira anapita kukamupeza mayi wopikula katundu uja, osati kukakangana naye, koma kukamuchenjeza. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Achimwene, ine ndimangoti ndi nyale zokongoletsera. Wondigulitsayo anati ndi zimene amaika m'mabala."

"Munabweretsa chimodzi chokha, mayi?"

"Ayi, ndinatenga katoni yonse kuti mtengo utsike."

"Zinazo zili kuti?"

Mayiyo anayamba kuwerenga pa zala. Ziwiri anagula mnyamata wometa tsitsi, zina anatenga munthu wokongoletsa maholo aukwati, ndipo zotsalazo zinapita pa tsiku la msika ku Kamwendo ndi ku Kapiri, kwa anthu omwe sankawadziwa mayina. Wometa tsitsiyo anamupeza tsiku lomwelo asanachimangirire. Wa maukwati anamupeza pafoni. Za ku Kamwendo ndi ku Kapiri sizinapezeke.